Paundi Imodzi, Makapu Angati?

Mudzi wa Kanyumbu, Mitundu
5 Juni 1956

Ndakhala pansi kulemba lero Lachiwiri, dzuwa litangopendeka, nthawi imene ana a sukulu amaweruka.

Apongozi, atate a Enifa,

Moni. Ife kuno tili moyo, kupatula bondo langa lamanzere limene linayamba kale kundikana. Kaya inu ku Halaleko. Wolembane ndine Zipora, mayi wake wa mkazi wanu Masozi, ngati dzina limeneli mukulikumbukira. Keyala yanu atipatsa a Davide, amene abwerako mwezi wathawu ndi njinga ndi chifuwa. Akuti mumaphikira Mzungu, mumavala zoyera ngati namwino, ndipo mwanenepa.

Mudabwa kuti apongozi anu akukulankhulani. Zaka zonse munakhala pamudzi pano, ine ndi inu sitinayang'ananepo m'maso. Mukatulukira uko, ine ndinkapatukira patchire, mpaka chitedze chonse cha m'njira ya kuchitsime chinandidziwa dzina. Mwambo ndi umenewo, sindikuudandaula. Koma ndafunsafunsa, palibe amene wandiuza kuti mwambowo umafika ndi papepala pomwe. Pepala lilibe maso. Tsono mumve. Zilembo ndinaphunzira m'kalasi ya ubatizo, zikapendama muziwongole nokha.

Enifa akukwatiwa. Inde, yemwe uja munamusiya mano akutsogolo atagweluka. Mnyamata wake ndi Maliko, telala, amasoka pakhonde la sitolo ya Che Bakali ku Nathenje, kwanu komwe. Ndi wakhalidwe, koma makutu ake ndi aakulu. Tidzawaona pa ana. Ukwati ndi wa m'tchalitchi, Loweruka loyamba la Okutobala.

Nkhani inayo ndi yanu. Munakwera lole ya ulere ya opita ku Halale mukunena kuti mukukafuna ya msonkho ndi bulangete, mubwera mvula isanagwe. Mvula yagwa kasanu n'kanayi. Mlongo wanga Maliro, nkhoswe ya Masozi, anakakhala pansi ndi ankhoswe anu, ndipo agwirizana chotere: mukapanda kuoneka pa ukwati wa mwana wanu, Masozi amusudzula, akhale womasuka, ndipo kalikonse kanu katsala pano akakatula kwa alongo anu ku Nathenje. Ndikuuzeninso kuti alipo bambo wina wofedwa, wa cha ku Dzalanyama, mwini ng'ombe, amene wayamba kudutsa pano kawirikawiri kudzafunsa njira imene akuidziwa kale.

Masozi sananene kanthu. Iye sanena kanthu chibadwire. Pakamwa ponse pa banja lino ndinatenga ndine.

Funso langa ndi limodzi. Mubwera?

Ine apongozi anu,
Zipora Nangondo


Halale
1 Julayi 1956

Amayi olemekezeka,

Ndikupereka moni ndi manja awiri, kwa inu, kwa a Maliro, kwa amake a Enifa ndi onse a pamudzi. Ine ndili bwino. Kunenepa kumene anena a Davide ndi yunifomu chabe, ndi yaikulu.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Manyazi andigwira kuti mpaka inu mwagwira pensulo chifukwa cha ine. Zambiri sindingathe kuzilemba. Chaka choyamba ndinadwala, chachiwiri ndinalibe choti n'kubwera nacho, ndipo kenaka munthu umayamba kuchita manyazi ndi zaka zimene zapita kale, n'kuonjezerapo china.

Za kamwana kanga ndakondwa kwambiri. Kuno ine ndaphika makeke a maukwati a ana a anthu ena ambirimbiri, ndipo dona amanyadira kwa anzake. Wanga yekha sangakwatiwe ndi chigumu. Ndatumiza chitini ndi dalaivala wa lole, achisiya kwa Che Bakali, Maliko adzabwere nacho. M'menemo muli zipatso zouma: mphesa zouma zamitundu iwiri, ndi makoko a malalanje oduladula ophikidwa m'shuga. Sindinaziyeze, ndinkagula pang'onopang'ono mwezi ukatha n'kumathira momwemo. Ndaikamonso kansapato koyera koti Enifa adzavale.

Kaphikidwe kake nkotere. Fulawa paundi imodzi. Shuga paundi imodzi. Batala paundi imodzi. Mazira khumi. Izi Che Bakali akupatsani zoyezayeza. Zipatso zikhale mapaundi awiri, osapitirira, osachepera. Muziviike m'tiyi wozizira usiku umodzi. Muphike mu mphika wachitsulo, makala pansi ndi pa chivundikiro, moto wofatsa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Keke imeneyi siwonongeka msanga, mungathe kuiphika kudakali masiku.

Zipatso zotsala mupatse amake a Enifa.

Za ulendo ndilankhula ndi dona. Okutobala kuno kumachuluka alendo.

Ine mkamwini wanu,
Gilibati


Kanyumbu, Mitundu
20 Julayi 1956

Lachisanu, m'mawa, chisanu chisanachoke m'zala.

Apongozi,

Moni. Bondo likadali lomwe lija.

Chitini chafika. Chinagona masiku atatu m'sitolo ya Che Bakali, pafupi ndi sikelo, osaipatsa ndi moni womwe, chifukwa Maliko sanadziwe kuti m'katimo muli milandu. Titatsegula pano ndinalumpha. Ndinati mkamwini watitumizira nkhupakupa zokhuta, zothothola pa ng'ombe za Azungu. A Maliro, amene saopa chilichonse chodyedwa, analawa imodzi, kenaka anatapa dzanja lonse kuti atsimikize. Ndawaletsa. Chitini ndikugona nacho kumutu.

Nsapato nazo zafika. Enifa analowetsa chala chachikulu, chidendene chinatsala panja chikudikira. Mwana uja anakula, apongozi. Saleka kukula chifukwa choti atate ake sakumuona.

Tsono za paundi. Ine mapaundi ndimadziwa awiri. Ina ndi ndalama ija ya pepala, imene imadutsa pano ngati mlendo wothamangira maliro. Ina ndi ya kumsika wa fodya, imene amaidziwa ndi kalaliki yekha. Onse awiriwa sagona m'nyumba mwanga. Ine ndimayeza ndi mbale, ndi lichero, ndi chikho, ndi dzanja. Ufa wa chigumu ndi mbale ziwiri, nthochi zisanu, ndipo palibe amene anafa nacho.

Komabe ndinayesa. Ndinasenza chitini mpaka kumsika wa fodya, ndinaima pamzere pakati pa amuna ndi mitolo yawo. Nditafika, kalaliki anati, "Gogo, fodya wanu ndi wa mtundu wanji?" Ndinati, "Wa ukwati." Anakoloweka chitini pa sikelo yake ija yopachika, imene imanyamula mtolo wolemera ngati munthu. Muvi unangogwedezeka pang'ono ngati mphaka akulota. Iye anati, "Pano zikuonetsa kuti simunabweretse kanthu." Amuna onse anaseka. Ndinamuuza kuti n'zimene amatiuza chaka chilichonse, ndi fodya yemwe. Anasiya kuseka ndi iyeyo, ena aja anapitiriza.

Mudzati bwanji osapita kusitolo ya pa Mitundu. Mwini wake tinayambana chaka chatha pa nkhani ya mchere wonyowa, ndipo ndinalumbira pamaso pa anthu kuti sindidzapondamonso. Sindingameze malovu anga chifukwa cha nkhupakupa. Ku Nathenje nako, ndi bondo ili, ndingafike ukwati utatha.

Choncho mutiuze m'chinenero chathu. Paundi yanuyo ndi mbale zingati, kapena makapu angati? Ndipo bwanji osangokhuthulira zonse mumphika, nkhani n'kutha?

Mawu anu ena ndinamuwerengera Masozi. "Zotsala mupatse amake a Enifa." Munthu wakulimirani munda, wakulererani mwana, wafolera yekha nyumba imene munamanga, ndipo gawo lake ndi zotsala. Iye anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kutongola chimanga.

Munayankha za mazira, za makala ndi za tiyi. Funso langa linali limodzi.

Zipora Nangondo


Halale
5 Ogasiti 1956

Amayi,

Moni kwa nonse. Pepani ndi bondolo, ndi ulendo wa kumsika uja.

Musakhuthulire zonse. Zipatso zikachuluka zimamira pansi, keke imanyenyeka pocheka, pamaso pa anthu. Zikachepa ndi buledi chabe. N'chifukwa chake Azungu amayeza ndi sikelo. Kapu imanama: mphesa zazing'ono zimalowa zambiri, zazikulu zimasiya mipata, makoko a malalanje ndi opepuka, ndipo wina amatsendera pamene wina amangothira. Koma popeza sikelo palibe, ndapeza njira.

M'nyumba mwathu muli kapu yanga yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, yosupuka pang'ono pafupi ndi chogwirira. Ndinaigula pa Mitundu sabata imene tinalowa m'nyumbamo. Amake a Enifa ankandipatsiramo thobwa ndikaweruka kudimba. Kukhitchini kuno dona ali ndi kapu yofanana nayo ndendende, msinkhu womwewo. Ndayesa katatu pa sikelo ya kuno: makapu awiri ndi theka ndiwo paundi imodzi. Tsono muthire makapu asanu. Musakanize kaye zipatso zonse, mudzaze kapu osatsendera, n'kusalaza pamwamba ndi msana wa mpeni.

Za zotsala sindinatanthauze choipa. Ndinagula mopitirira dala. Amake a Enifa amakonda zotsekemera, ankasunga mzimbe pansi pa mphasa. Ndinafuna alawe chimene ndimagwira m'manja tsiku ndi tsiku. Kulemba dzina lawo poyera m'kalata yopita kwa inu kunandivuta.

Za livi yoti ndibwere kumudzi dona akuti tiona.

Kodi kapuyo ikadalipo?

Gilibati


Kanyumbu, Mitundu
21 Ogasiti 1956

Lachiwiri, masana, mphepo ikundilanda pepala.

Apongozi,

Moni. Kalata yanu inagona sabata yathunthu m'thumba la jekete la aphunzitsi, amene amatitengera makalata, chifukwa jeketelo amavala Lamulungu lokha.

Kapu palibe. Ndafuna m'nyumba mwa Masozi iye ali kudimba, pa thandala, m'madengu, kuseri kwa mitsuko, ngakhale kukhola la nkhuku kumene zimathera ziwiya zokalamba. Mumayesa zinthu zimakhala pamene munazisiya? Zaka zisanu ndi zinayi ngakhale mtondo umasamuka. Galu wanu anafa. Mpando wanu unadyedwa ndi chiswe. Mbuzi ija tinadya pa maliro a apongozi anu aamuna, amene simunawamve. Chanu chimene ndachiona pano ndi khasu lakutha ndi mwana wamkazi, ndipo mwanayo akupita.

Masozi sindinamufunse, ndipo kalatayi sindinamuwerengere. Sindingapite kwa munthu amene akudikira kumva za mwamuna, n'kukamufunsa za kapu.

Akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndinkatsutsa, ndinkati wathuyu ndi wofatsa. Ndinaiwala kuti mlamba nawonso sulongolola.

Bambo wa ng'ombe uja wabweretsa mkaka. Akuti ankangodutsa.

"Tiona" si yankho. Dona wanu ali ndi mwamuna wake pakhomo.

Zipora Nangondo


Halale
2 Seputembala 1956

Amayi,

Moni. Ndamva.

Ngati kapu palibe, ndamva zonse, ndipo sindikudandaula munthu. Ankhoswe asavutike kudikira Okutobala. Khasulo asalinyamule mpaka ku Nathenje, angolitaya.

Tengani kapu ina iliyonse ya tiyi, muthire asanu kapena asanu ndi imodzi. Keke idzadyeka.

Enifa andikhululukire.

Gilibati


Kanyumbu, Mitundu
12 Seputembala 1956

Atate,

Ndine Enifa. Moni. Sindikudziwa kalembedwe ka kalata yopita kwa atate, choncho ndingolemba zimene zachitika.

Kalata yanu yaifupi ija agogo anaiwerenga mokweza pakhonde, kuti aliyense amve kuti iwo ananeneratu. Atafika pa mawu a kapu, amayi anasiya kupeta.

"Kapu iti?" anafunsa amayi.

"Ina yake yoyera," anatero agogo. "Inatayika kalekale. Ndinafuna paliponse."

"Munafuna m'nyumba mwanga?"

"Ndinangoyang'anamo. Nyumba ya mwana wanga ndipemphe chilolezo kwa boma?"

Amayi analowa m'nyumba. Tinamva akusuntha mtsuko waukulu uja wosungiramo mbewu ya nyemba, umene amaumata pakamwa ndi dothi. Anauboola, anapisa mkono mpaka paphewa, natulutsa kanthu kokulunga m'mpango. Inali kapu, ya mkombero wabuluu. Ine ndinali ndisanaionepo, kapena ndinaiwala. Chaka chilichonse pobzala amaitulutsa, pokolola amaibwezeramo, ndipo palibe amene ankadziwa.

Agogo anakhala chete. Anthu a pano akuti zimenezi zinachitikapo kamodzi, chaka cha njala. Kenaka anati, "Munthu wanzeru amasunga kapu m'nyemba? Ukanandiuza." Amayi anati, "Simunandifunse."

Lolemba tinapita ku Nathenje pa ngolo ya agogo a Maliro, ine ndi amayi, kukayesa diresi ndi kukagula fulawa. Tinatenga chitini ndi kapu. Che Bakali ali ndi sikelo ya mbale ziwiri ndi miyala yake yamkuwa. Anaika mwala wa paundi mbali imodzi, amayi n'kumathira mbali inayo monga munalembera, osatsendera, kusalaza ndi mpeni. Makapu awiri ndi theka, mwala sunanyamuke. Atatu, uli phee. Unanyamuka pa kapu yachinayi.

Che Bakali anati, "Amene anakuuzani awiri ndi theka ankayeza ndi ndowa."

Akazi awo, mayi Safia, anatuluka m'kati nati, "Inu bambo, mwayamba liti kudziwa zophika? Zipatso amatsendera. Mukufuna kuphika mphepo?" Anatsendera ndi chala chachikulu, ndipo paundi inakwana pa makapu atatu ndi pang'ono.

"Ndiye ukuona," anatero Che Bakali, "chala chimenecho n'chifukwa chake sindikulola kugulitsa shuga."

"Ndipo n'chifukwa chake makasitomala amafunsa ine."

Maliko anasiya makina nabwera kudzaonerera. Anati nayenso ali ndi maganizo. Mayi Safia anamuuza kuti mkamwini amayamba kukhala ndi maganizo akabereka ana atatu. Anabwerera kumakina.

Che Bakali anafuna kutiyezera mapaundi awiriwo n'kutimangira padera kuti nkhani ithe. Amayi anakana. Anabwezera zonse m'chitini, napukuta kapu ndi mpango.

Tsono taonani, atate. Inu mukuti makapu asanu. Che Bakali akuti asanu ndi atatu. Mayi Safia akuti asanu ndi imodzi ndi theka. Agogo akuti tikhuthule zonse. Kapu yanu ndi yaing'ono kuposa ya dona. Ndinawafunsa amayi pobwerera ngati mwina munkanena ina. Anati, "Ndi yomweyi. Ulembe kuti kapu sinachepe."

Anenanso mawu ena oti ndilembe monga momwe awanenera. Akuti keke siphikidwa mpaka mwini kapu adzayeze yekha. Akapanda kubwera, pa ukwati padzakhala chigumu cha agogo, ndipo chitini chidzapita ku Nathenje chosatsegula, pamodzi ndi kapu ndi khasu.

Nsapato ndinampatsa mwana wa azakhali, ali Sitandade 1. Musadandaule, ndibwereka.

Ine sindikukumbukira nkhope yanu bwinobwino. Ndimakumbukira kuti munkaimba mluzu posenda mzimbe. Ngati mubwera, mukatsike pa Nathenje, Maliko adzakunyamulani pa njinga. Mudzamuzindikira ndi makutu.

Mwana wanu,
Enifa


Kanyumbu, Mitundu
12 Okutobala 1956

Lachisanu, dzuwa lili pamutu, ndili pakhonde langa.

Apongozi,

Moni, ngakhale ndikukuonani. Muli apo padenga la nkhokwe yanga, mwagwira udzu ngati mukuopa kuupweteka. Kalatayi sifuna sitampa. Ndipatsa Masozi, awoloke nayo bwalo.

Chifikireni Lachitatu lija ndabwerera ku chitedze. Mwambo wadzuka pamene unagona. Koma zimene ndaona kudzera m'mipata ya mpanda zandidzaza pakhosi, ndipo pensulo yatsala kachidutswa, ndiye ndiimalize.

Ndinakuonani mukutsika pa njinga ya Maliko, mutavala suti m'dzuwa la Okutobala. Munayang'ana pakati pa tiana timene tinakuzingani, kufuna mwana wanu. Iye anali ataima kumbuyo kwanu, wamtali kukuposani, atanyamula sutikesi yanu. Ndinaona Masozi akugwada n'kukupatsani madzi. Munaitembenuza kapu ija uku ndi uku.

"Ndi yomweyi?" munatero.

"Ndi yomweyo."

"Inali yaikulu."

"Mwina ludzu ndi limene linali lalikulu."

Sindinadziwe kuti mwana wanga ali ndi mawu otere. Anawasunganso m'nyemba.

Tsopano za keke. Miyezi itatu takhala tikulemberana za mapaundi. Ndasekedwa ndi amuna kumsika wa fodya. Banja la Che Bakali linatsala pang'ono kupasuka. Ndiye Lachinayi m'mawa ndikusuzumira, ndikuona inu mwavula jekete, mwasamba m'manja mpaka m'zigongono ngati mzamba, mwatsegula chitini. Kapu ili pambali. Simunaikhudze. Munangotapa ndi manja, kupepesa kawiri m'mwamba ngati mukufunsa zipatsozo kulemera kwake, n'kuponya m'beseni. Kutapanso, kupepesa, kuponya. Kenaka munabwezako tiwiri titatu m'chitini, n'kunena kuti zakwana. Enifa atakufunsani kuti ndi makapu angati, munati simukudziwa. Ndinatsala pang'ono kuswa mwambo ndi mpanda womwe.

Ndiye paundi ija inali m'manja mwanu nthawi yonseyi. Mukanangolemba kuti manjawo salowa mu envulopu, tikanasunga mapepala.

Kekeyo inatuluka yakuda, yolemera ngati njerwa. Munaicheka tizidutswa tating'ono kwambiri, mpaka a Maliro anafunsa ngati ndi mankhwala. Sinanyenyeke. Ine ndinadya kawiri, kuti nditsimikize kuti sindikuikonda. Chigumu changa nacho chinatha, musaganize kuti chinatsala. Bambo wa ng'ombe uja analandira kachidutswa kake, anatafuna nthawi yaitali, ndipo pochoka sanafunse njira.

Lamulungu ankhoswe anakhala pansi, anati munthu waoneka, mlandu palibe. Amuna nkhani zawo zimatha msanga. Ine ndinadziwa kuti livi yanu ndi ya masabata awiri ndi ulendo womwe, ndipo basi yanu ndi ya dzulo.

Dzulo m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba yanu. Ndinkafuna nkhuku yanga, ndipo khoma lanu ndi lopyapyala, munamanga nokha. Ndinamva sutikesi ikutsegulidwa.

"Kapu iyi ukuikiranji muno?" munatero.

"Ndi yanu," anatero Masozi.

"Ikhale. Ndikangomaliza chaka chino, ndibwera."

"Pitani nayo. Mukayezere limodzi ndi ya dona, muone kusiyana kwake. Mukadzabwera mudzabwere nayo. Mukapanda kubwera, a Maliro asadzavutike kumanga ng'ombe pa ngolo chifukwa cha kapu imodzi. Ine nyemba zanga zikufuna malo."

Ndinamva mukutseka sutikesi. Ndinakuonani mukutuluka, sutikesi paphewa, mukulowera njira ya ku Mitundu. Masozi anatenga khasu napita kukasosa. Sanacheuke, ndipo ine sindinanene kanthu, mundilembere chimenecho.

Dzuwa litapendeka munatulukiranso, sutikesi yomweyo, fumbi mpaka m'mawondo. Munauza a Maliro kuti basi inadzaza. A Davide anali pamsewu pomwepo, akuti munali anthu asanu ndi mbuzi imodzi, ndipo kondakitala anakuitanani kawiri. Ine sindikufunsani. Mkamwini safunsidwa ndi apongozi ake.

Madzulo Masozi anatulutsa chitini, anakhala pamwala wa pakhomo, nadya zotsala zija. Imodziimodzi, osafulumira, osagawira munthu. Ndinadutsa pafupi kawiri ndikutsokomola. Sanandione. Kapu ili pa msomali, pafupi ndi chitseko, poyera.

Sindikunena kuti ndakhulupirira. Mvula yoyamba ikagwa, tidzaona ngati manja odziwa paundi akudziwanso mzere. Udzu umene mukufolerawo mwauika mozondoka, mitu iyang'ane pansi. Ndipo chingwe cha luzi amachiviika kaye, monga zipatso zanu zija.

Apa ndalekeza. Kuyambira mawa mukandiona m'njira, mutsokomole msanga, bondo ili silithamanga.

Mukatha kuwerenga musaisunge m'nyemba. Muiike mu envulopu, mulembe keyala ija, ipite kwa dona wanu, apeze womumasulira. Adziwe kuti kuno paundi ndi makapu anayi osatsendera, atatu ndi pang'ono akatsendera mayi Safia, ndiponso kuti khukhi wake ali padenga la nkhokwe yanga ndipo sanamalize. Iyenso akawerenga apatsire madona anzake, pakuti m'makhitchini mwawo muli akamwini a anthu ambiri.

Ine apongozi anu,
Zipora Nangondo